A Bizweki ndi Tulo Tachiwiri

Inu amene simunakhaleko ku Kachulu mwina mukana, koma ife tinali ndi munthu wolota mochita kusunga nthawi. A Bizweki amenewo, aja ankatchaja mafoni pa sola pafupi ndi siteji ya maminibasi. Enafe maloto amangotigwera. Iwo ayi! Ankati amalowa m'maloto akudziwa kuti akulota, n'kumawawongolera ngati njinga.

"Nkhani ndi nthawi basi," ankatero, uku akusomeka foni yako. "Tulo toyamba n'ta thupi, mulibe kanthu, ndi mdima wokhawokha. Maloto onona ali kumapeto. Ugone maola asanu, udzuke, ukhale maso pang'ono, ugonenso. Tulo tachiwiri timeneto ndiye kanema!"

Nzeruzi akuti anazitola ali mlonda ku Zomba. Mnzawo wa ulonda akagona, iwo ankamuunika ndi tochi, wotchi ili m'manja. Anaona kuti pakatha pafupifupi ola ndi theka, maso a mnzawoyo ankavina pansi pa zikope. Pomwepo ankamugwedeza: "Umalota chiyani?" Anachita zimenezi zaka zitatu, mpaka akuba anazula geti iwo ali kalikiliki kuyang'ana zikope. Ntchito inatha kwa onse awiri.

Ndiye poti anthu ankangowaseka, anaganiza zotithandiza mokakamiza. Sabata ina foni iliyonse imene inapita kukatchajidwa inabwerako ndi alamu ya folo koloko, mwini wake osadziwa. Mayo ine! M'bandakucha uja Kachulu yense anangoti ngwee ngwee, agalu kukuwa, amayi kutukwana. Kutacha anthu anakawazinga.

"Madala, mwationongera mafoni!"

"Ndani walota?" iwo anafunsa, maso ali gwa.

"Tilote bwanji mutatidzutsa?"

"Ndiye mukanagonanso! Eee, anthu inu, kukupatsani boti mukufunanso ndikupalasireni?"

Amene anawathokoza ndi a shehe okha, chifukwa tsiku limenelo mzikiti unadzaza mpaka pakhomo. A Bizweki, mkulu wa mpingo, analandira nkhuku kuchokera kumzikiti.

Nanga zala zija! Chala chawo chamkombaphala chinadulidwa ndi injini ya boti kalekale, koma ankati kumaloto chimabwerera. Choncho ankawerenga zala tsiku lonse: zikakwana khumi, ndiye kuti akulota. Tsiku lina anaona minibasi ikunyamuka mipando isanadzaze, kondakitala akumwetulira. Anati izi zokha sizifunanso kuwerenga zala, ndi maloto basi. Anakwera pa thandala la matemba, natambasula manja kuti aulukire ku chilumba cha Chisi. Anatera m'dengu la mayi Mwanabibi.

"Bizweki iwe, matemba anga!"

"Pepani mayi, ndinalumpha sitepe imodzi."

Ine ndinkaseka nawo, mpaka chaka cha namondwe Freddy. Madzi analowa m'nyumba mwathu Nafisa wanga ali ndi miyezi iwiri. Tinapulumuka, koma madziwo anandisamukira m'mutu. Ndikangotseka maso, madzi pakhomo. Ndikagwira kumsana, nsalu yokha, mwana palibe. Bambo ake, a Rashidi, ankakhala masabata ku zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pakati pa nyanja. Ndinayamba kuopa tulo. Miyezi inapita ndikugona mokhala, ndikumugwira mwendo mwana.

Tsiku lina ndinasinza ndikuyanika nsomba, ndipo Nafisa anakwawa mpaka m'matope a m'mphepete mwa nyanja. Anamutola ndi mayi Mwanabibi. Mbiri inafika kwa mayi anga ku Songani, ndipo anandiimbira foni: "Mwezi ukatha ndikubwera. Ndikakupeza uli choncho, mwanayo ndimutenga, aleke kuyamwa." Sankanama.

Ndinapita kwa a Bizweki, foni ili yodzaza kale.

"Amake Nafisa, maso amenewa ndi a munthu?"

Ndinawafotokozera zonse. M'malo mondimvera chisoni, anaomba m'manja.

"Maloto amodzimodzi tsiku lililonse? Mwayi wanji umenewo! Enafe timachita kusaka chizindikiro, inu chikukupezani pakhomo. Mwana amadzuka nthawi yanji kuyamwa?"

"Cha m'ma folo."

"Folo! Mulungu wakupatsani alamu yosafuna batire! Tamverani. Mugone msanga, mugonedi, pamphasa. Akadzuka muyamwitseni, koma musagonenso pomwepo. Khalani tsonga pang'ono, muzinena mumtima kuti, 'Ndikaona madzi pakhomo, ndiwerenga zala.' Kenako mugone. Masana muziwerenganso, dzanja lizolowere."

"Nanga madziwo akakhala enieni?"

Apo anasiya kuseka. "Zala zikuuzani. Zikakhala zisanu, nyamulani mwana muthawe. Zikapanda kutero, madziwo ndi anu, muwachite zimene mukufuna. Koma zikakanika, tipita limodzi kuchipatala, musamachite manyazi."

Masiku oyamba, zero. Tsiku lina ndinakhala maso mopitirira mpaka kunacha. Lina ndinagona bere lili mkamwa mwa mwana. Pamsika anayamba kundinena kuti matenda a a Bizweki ndi opatsirana, poti ndinkawerenga zala pogula tomato. Koma tsiku lachisanu ndi chinayi, madzi atafika pakhomo, dzanja linangodzuka lokha. Zala zisanu ndi ziwiri! Ndinakuwa ndi chimwemwe, n'kudzidzimuka pomwepo.

Ndinathamanga opanda nsapato kukawauza.

"Zisanu ndi ziwiri? Ine chilotereni sindinapitirire sikisi!" Anavina mpaka kukoka mawaya, mafoni atatu pansi. "Koma chimwemwe chimadzutsa, mayi. Mawa mukazindikira, pukusani manja, mupume, mukhale ngati mlendo waulemu."

Patapita masiku anayi zinatheka. Ndinaima m'madzi ofika m'mawondo, n'kupukusa manja. Kenako ndinatenga tsache. Inde, tsache! Ndinawasesa madzi aja ngati zinyalala, akubwerera okha mpaka kunyanja. Nditagwira kumsana, Nafisa anali pomwepo, wofunda, akuyamwa chala.

Mayi anga atabwera anandipeza ndikuliza mkonono dzuwa litakwera, mwana akusewera ndi ndolo yanga. Anakhala masiku awiri akundiyang'anitsitsa. Tsiku lachitatu anati, "Waonda, komanso wayamba ulesi," n'kukwera minibasi okha.

A Bizweki anatisiya chaka chatha, mwezi wa Okutobala. Anagona tulo tawo tamasana pabenchi, chipewa kumaso. Ankaletsa kuwadzutsa ola ndi theka lisanakwane, ndiye anthu anaima pamzere ndi mafoni awo, akulankhula monong'ona. Nthawi itakwana mayi Mwanabibi anachotsa chipewa chija, nayang'ana zikope. Sizinkavina.

Pamalo paja pano pali mnyamata wotchaja bwinobwino, sataya foni, salankhula. Umapereka, umatenga, umapita. M'mawa pasiteji anthu amakamba za mitengo ya mafuta ndi za madzi akuphwa. Munthu ukalota chinthu chokoma umangoyenda nacho tsiku lonse, wopanda womuuza, mpaka chimafufutika.

Mwezi wathawu, m'tulo tachiwiri, nditazindikira kuti ndikulota, ndinasiya zonse n'kupita kusiteji. Ndinawapeza pabenchi pawo. Ndinali nditakonza mawu ambiri othokoza, koma iwo sanandipatse mpata.

"Amake Nafisa, mwana ali ndi ndani?"

"Ali ndi ine, bambo."

"Ndiye mukutani kuno? Dzukani, akukuitanani."

Ndinatsegula maso. Nafisa anali atakhala pamimba panga, akundikoka mphuno, akufuna phala.