Tsiku limene ndinazungulira bariya

Mpaka lero ndikafika pamsika wa pa Boma, amayi ogulitsa tomato amakodolana n'kumati wafika uja wa m'chimanga. Ine sindiseka nawo. Papita zaka zisanu koma ndikakumbukira mtima umandiwawabe, ndipo amene ndimawakwiyira ndi atatu: mayi anga aakulu, a Jailosi a kabaza, ndi mtengo wina wa bulugamu. (Wachinayi ndi ine mwini, koma ameneyo ndimamukhululukira msanga.)

Linali dzinja, chimanga chitamasula ngaiyaye. Mwana wanga woyamba, Lonjezo, anali ndi miyezi inayi. M'mawa umenewo anadzuka thupi lili moto, bere akukana, kulira kwake kongoti nyee ngati kamwana ka mphaka. Bambo ake anali kuntchito ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, ndiye wondiuza zochita anali mayi aakulu, akulu awo a malemu mayi anga, amene timakhala nawo bwalo limodzi kwathu kwa Nazombe. Anati ndithamangire kuchipatala pa Boma, ndipo pamenepo ananena zoona. Koma akundibereketsa mwanayo anandipatsa malamulo atatu, chala chili m'mwamba. Munthu wachilendo asamugwire, poti sudziwa kumene wagona. Asadutse pawindo, angadzakhale wakuba. Ndipo ndisayerekeze kudutsa naye pansi pa mtengo wopingasa, chifukwa mwana wotero amapinimbira, sakula. Kenako anamukulunga zitenje ziwiri, pamwamba bulangete mpaka kumutu kuti mphepo isamupeze. Ngakhale kaphazi sikankaoneka.

Ndinakwera njinga ya a Jailosi. Bambo amenewa anakhalapo mlonda ku Limbe miyezi ingapo, ndipo salola munthu aiwale zimenezo. Ulendo wonse ine khutu linali kumsana, kumvetsera ngati mwana akupuma, iwo pakamwa pali gwa kufotokoza za ku Limbe. Tatsala pang'ono kufika pa Boma anayamba kugwira mabuleki n'kunena kuti tafika pa bariya, nditsike.

Ndinali ndisanamvepo mawu amenewo, poti sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Ndinalakwa kufunsa. A Jailosi anaimika njinga bwinobwino ngati ayamba kalasi. Anati bariya ndi Chizungu, ndi chinthu chilichonse chimene aika kuti munthu asapitirire. Anati ena amati rodibuloko koma amenewo ndi osaphunzira, rodibuloko ndi malo onse, bariya ndi chotchingacho. Ku Limbe, anatero, kuli mabariya achitsulo onyezimira, ndipo ngakhale mlonda wokaniza anthu pageti naye ndi bariya, umphawi nawo azungu amautcha bariya. Ine mwana akundiotcha kumsana, iwo akundiphunzitsa Chizungu. Chimene ndinkaona ine ndi mtengo wa bulugamu wopakidwa penti yofiira ndi yoyera, mbali ina wamangiriridwa mwala, mbali ina wagona pa diramu. Wopingasa msewu wonse. Uku ngalande yodzadza madzi, uko ngalande yodzadza madzi. Anthu oyenda pansi ankangowerama n'kudutsa, a njinga n'kumapendeketsa njinga zawo pansi pake.

Mawu a mayi aakulu anali ngati andikhala paphewa.

Panali apolisi atatu, abambo awiri ndi mayi mmodzi, onse atazungulira lole ya matumba imene inaima cha uko. Masiku amenewo anthu ankazembetsa feteleza ndi shuga kudzera m'malire, izi ndinazidziwa pambuyo pake. Ndinawanong'oneza a Jailosi kuti akandipemphere abwanawo anyamule mtengowo pang'ono chabe, ndidutse utaima. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bariya amatsegulira galimoto, mayi. Inu muli ndi matayala angati?"

Atatero anadutsitsa njinga yawo, n'kukakhala tsidya linalo pamthunzi, n'kumandikodola ndi dzanja ngati akuitana nkhuku.

Ndinaganiza zodikira galimoto kuti mtengo ukakwera ndithamangire kumbuyo kwake. Msewu umene masiku onse umatithira fumbi ndi matope tsiku limenelo unangoti zii. Ndinaima, ndinaima, dzuwa likukwera, mwana naye wasiya ngakhale kulira kuja. Potsiriza inabwera minibasi, mtengo unakwera, ine liwiro, koma wapolisi wogwira chingwe sankayang'ana za ine. Mtengo unagwera pa diramu patsogolo pa mphuno yanga penipeni, ndipo anthu a m'minibasimo anatembenuka onse kundiyang'ana.

Apa m'pamene ndinaona kanjira. Ndikabwerera m'mbuyo pang'ono panali timitengo tiwiri toyala pangalande, ndipo kuchokera pamenepo kanjira kopondeka bwino kankalowa m'munda wa chimanga, kulunjika kutsogolo kwa bariya kuja. Mtima unakhala pansi. Ndinati mumtima, ohoo, kani amayi anzanga a kuno mwambo amaudziwa, adachita kudzilambulira njira yodutsira ndi ana. (Musaseke. Inuyo mukanaganiza chiyani?) Ndinawathokoza amayi amenewo ndi mtima wonse, n'kulowa m'chimangamo, chimtolo chokutidwa bulangete chili kumsana, ndikuyenda mowerama kuti masamba asandicheke kumaso.

Sindinapite patali. Ndinamva wenzulo, kenako mawu aamuna akuti amene walowa m'mundamo aime pomwepo. Munthu wanzeru akanaima. Koma ife tinakula nthawi ya makadi a chipani, pamene ukamva kuti ima miyendo inkayamba yokha kuthamanga, ndipo matipate atabwera palibe anadzaiuza miyendo yanga kuti zinthu zasintha. Komanso ndinaganiza kuti akandigwira adzafuna kumugwira mwana, anthu achilendo, sindidziwa kumene agona. Ndinathamanga. Patapata imodzi inatsala m'matope, inzake ndinachita kuitaya ndekha. Chimanga chikuthyoka uku ndi uku, kumbuyo nsapato zikumveka phu phu phu, kutsogolo kwatulukira gogo wina mwini munda, khasu m'manja, akukuwa kuti wakuba chimanga, wakuba chimanga, mpaka agalu a m'mudzimo analowerera. Ndinakhotera kumanzere, ndinapeza mpanda wa dimba, ndinaona mpata m'munsi, ndinagwada n'kukwawa. Nditatulukira mbali inayo ndi pamene ndinazindikira chimene ndakwawa pansi pake. Mitengo yopingasa. Osati umodzi. Itatu.

Ndili chiyang'anire mpandawo phazi linatereka, ndipo ndinakakhala pansi m'ngalande, madzi mpaka m'chiuno, manja onse ali kumbuyo kutchinjiriza mwana. Wondipeza anali wapolisi wamkazi uja, mayi wonenepa bwino, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Anandilamula kuti nditsitse katunduyo. Ndinati si katundu. Anafunsa ngati ndi feteleza kapena shuga. Ndinati ndi munthu. Anati munthu wanji wosalira chonsecho ndagwa naye m'dzenje, ndipo mawu amenewo anandilasa kuposa chilichonse, chifukwa zinali zoona, Lonjezo anali chete. Ndinayamba kumasula ndekha, mfundo ya mayi aakulu ikukana. Mayiyo anangokoka bulangete n'kulitaya uko.

Mwana anali thukuta lokhalokha, maso atatembenuka pang'ono, akupuma mothamanga ngati kambalame kogwidwa m'manja. Wapolisiyo nkhope inasintha nthawi yomweyo. Sanandipemphe. Anangomulanda, n'kumuvula zitenje zonse, n'kunyowetsa mpango wake ndi madzi a m'botolo lake n'kuyamba kumupukuta.

"Mwana akutentha chonchi inu mwamufunditsa bulangete? Mumafuna mukafike naye atapsa?"

Ndinayesa kunena za munthu wachilendo, koma mmene anandiyang'anira ndinameza mawu. Anatsogola ndi mwana wanga kubwerera kumsewu, ine pambuyo wopanda nsapato, matope akuyenderera m'miyendo, gogo wa munda uja naye pambuyo panga akuwerenga mapesi amene ndathyola. Pa bariya panali patadzadza anthu. Kumene anachokera sindidziwa, poti nthawi imene ndinkafuna galimoto msewu unali wopanda ngakhale mbuzi. A Jailosi anali pakati pawo akufotokoza kuti iwo anandikayikira kuyambira kunyumba.

Ndiyenera kunena chilungamo, mayi uja anandithandiza. Anaimitsa kagalimoto ka pikapu kamene kankapita ku Boma, n'kuuza dalaivala kuti atisiye pakhomo pa chipatala. Dalaivala ataona matope anga anayala katoni pampando, ndinalowa, anatseka chitseko msangamsanga. Ndiye mayi uja, mwana ali m'manja, anaona kuti chitseko chatsekedwa kale. Anangomupereka pawindo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, koma manja anali atalandira kale. Wachingwe anakoka mtengo, ndipo chifukwa kagalimotoko kanali kakafupi anangoukweza pang'ono, tinadutsa pansi pake utapendekeka pamwamba pathu. Dzuwa lisanafike pamutu malamulo onse atatu anali atatha.

Kuchipatala anati ndi malungo. Anamubaya jakisoni, anatigoneka masiku atatu, ndipo namwino anandifunsa chimene chinandichedwetsa kuchokera m'mawa. Ndinati mayendedwe. Tsiku lachiwiri Lonjezo anagwira bere ndi manja onse awiri n'kuyamwa mpaka kugona, ine misozi ili chuchuchu, chitenje chobwereka kwa mayi wa bedi loyandikana nalo chili m'chiuno.

Nditabwerera kumudzi nkhani inali itafika kale, a Jailosi ataikometsera kuti anandithamangitsa apolisi khumi. Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera mayi aakulu zonse, ndikuyembekeza kuti mwina andipepesa, kapena andikalipira, chilichonse. Iwo anapitiriza kusenda nandolo.

"Ine ndimanena mitengo ya m'mudzi muno, ya makola ndi mipanda. Mtengo wa boma ungamugwire bwanji mwana? Iwenso kuganiza."

Ndinadzuka n'kuchokapo, chifukwa chimene chinabwera pakamwa panga si chouza munthu amene anakulera. Za mpanda wa dimba uja, mitengo itatu ya m'mudzi yeniyeni, sindinawauze, ndipo sindidzawauza.

Lonjezo pano ali ndi zaka zisanu. Ndi wamfupi, inde, koma bambo akenso ndi aafupi, abale awo onse ndi aafupi, ndipo aliyense wondifunsa ndimamuuza zimenezo mokweza. Bulangete sindifunditsanso mwana wotentha thupi, njinga ya a Jailosi sindikweranso, ndipo mng'ono wake wa Lonjezo ndadutsa naye pa bariya pomwepo kangapo, ndikuwerama ngati anthu ena onse, mtima uli thi thi thi. Ndinkati nkhaniyo inatha. Koma sabata yathayi ndinamupeza mkuluyo kuseri kwa chitseko, dzanja lili m'chitini cha shuga, pakamwa pali mbuu. Mayi aakulu anali pomwepo pamkeka. Anangotembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana pawindo.