Ndinagenda mango, ndinalasa galasi

Amuna ena amafunsira mbeta ndi pakamwa, ena amatuma alongo awo. Ine ndinafunsira ndi mwala, ndipo mwalawo sunagwere pamene ndinautuma. Mpaka lero ndikamva galasi likusweka, ngakhale kapu chabe, ndimayang'ana padenga.

Ndiyambe ndi kunena kuti ndine munthu wosayankhulayankhula. Makolo anga anamwalira ndisanasunge nkhope zawo, ndipo ndinakulira m'manja mwa anganga ku Milonde, amene ankaphika nyemba za kalongonda zogulitsa pamsika. Kuyankhula konse kwa pakhomo pathu kunali kwawo, ine ntchito yanga inali kuyang'ana. Ndinkadziwa nkhuku ya yani ikutsimphina, ndinkadziwa mtambo umene ukatsika paphiri la Mulanje zovala zonyowa zimagona pachingwe. Koma kutsegula pakamwa, ayi ndithu. ("Mwana uyu," ankatero anganga pamaso pa makasitomala, "Mulungu anamupatsa maso anayi n'kuiwala lilime.")

Kuyendetsa ndinaphunzirira pa thirakitala kuesiteti ya tiyi. Kenako a Likaka, bambo wina wa kwathu amene anakhalitsa kumigodi ya ku Joni, anabwerako ndi galimoto yobiriwira, koma maso awo anali atafooka ndi fumbi la kumgodi. Ananditenga kuti ndikhale dalaivala wawo. Galimotoyo inali ndi chinthu chimene sitinachionepo: padenga pake panali galasi. Ana ankaithamangira akukuwa kuti yabwera ya zenera kumwamba. Anganga ataiona anangoti, "Azungu awa, denga labwinobwino n'kuliboola dala. Sanaione mvula ya kuno."

Ine galasi limenelo ndinalikonda kuposa mmene munthu wamkulu ayenera kukondera chinthu cha eni ake. A Likaka akalowa m'masitolo a ku Muloza kukacheza ndi anzawo, ndinkagoneka mpando n'kumayang'ana kumwamba. Mitambo yochoka paphiri inkalowera mbali ina ya galasi, n'kuyenda pang'onopang'ono, n'kutulukira mbali inayo, ngati alendo odutsa pabwalo osaodira. Ndili mwana anandiuza kuti amayi ali kumwamba, koma kumwamba kunali kwakukulu kwambiri, sindinkadziwa poyang'ana. Galasi lija linandidulira kachigawo kokwanira maso anga.

Ndiye panali Esinati. Ankasoka zovala pakhonde la golosale ina pa Milonde, ndipo makina ake ndinkawazindikira kulira kwake ndili kutali. Malaya anga anayamba kuthothoka mabatani pafupipafupi. Ndinkapita nawo, iye n'kusoka, ine n'kuyang'ana phazi lake likupalasa makina, n'kunena kuti zikomo, n'kubwerera. Zinayenda choncho mpaka tsiku lina anganga anaika chipande pansi.

"Iwe, wamva? Kalaliki uja wa ku Thuchila akufuna kutumiza amalume ake kwa Esinati. Ali ndi njinga, ali ndi wailesi, ndiponso ali ndi pakamwa. Ukapitiriza kuyang'ana, udzayang'ananso ukwati wake."

Sabata yomweyo a Likaka anapita kumaliro kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, kumene galimoto sikanafika. Anandisiyira makiyi. "Uisamale ngati diso lako, mwana wanga. Makamaka pamwambapo."

Nzeru yanga inali yakuti galasi lindiyankhulire. Ndinkaganiza kuti Esinati akaona zimene ndinkaona ine, mawu adzabwera okha. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinamutsegulira chitseko n'kunena kuti, "Tiyeni." (Pokonzekera ndinali ndi mawu ambiri. Amenewa ndi amene anapulumuka.) Anandiyang'ana, anakonza duku lake, n'kukwera.

Ndinakaimika galimoto pansi pa mtengo waukulu wa mango pafupi ndi kamtsinje, pamene phiri limaoneka lonse. Inali nyengo ya mango, mvula itangoyamba. Tinayang'ana kumwamba tonse awiri. Masamba ankagwedezeka, dzuwa linkadontha pakati pawo n'kumayendayenda pamanja a Esinati. Kunali fungo la dothi lonyowa. Njiwa ina inkalira kutali. Ndinaona ngati tikakhala choncho mpaka ukalamba, palibe chimene chingasowe.

"Achimwene," anatero Esinati patapita nthawi, "mwandibweretsa kuno kuti ndidzaone masamba?"

Ndinatsegula pakamwa. Munalibe kanthu. Ndinatsekanso.

Anapumira m'mwamba, n'kuloza pagalasi. "Chabwino. Koma bango ilo lapsa bwino."

Linalidi pamwamba pathu penipeni, lachikasu, lokhalokha. Mtima wanga unapepuka, chifukwa apa panapezeka ntchito ya manja osati ya lilime. Mnyamata aliyense wa ku Mulanje amadziwa kugenda mango asanadziwe kulemba dzina lake. Ndinatuluka, ndinasankha mwala wokwana m'dzanja, ndinabwerera m'mbuyo pang'ono. (Mukufunsa ngati sindinaganize zosuntha galimoto. Ndakhala ndikudzifunsa zomwezo moyo wanga wonse.)

Mwala unanyamuka bwino kwambiri. Unadutsa pambali pa bango osalikhudza, unaboola masamba, n'kukafika pamene panali kuwala kokhakokha. Kumeneko unaima kaye, ngati ukuganizira. Ndinauona ukutembenuka. Ndinadziwa kumene ukupita, chifukwa maso anga sanandinamizepo.

Phwaa!

Galasi la galimoto silisweka ngati la pazenera. Limasanduka timibulu ngati mchere wa pamsika. Ndinathamangira pachitseko. Esinati anali atakhala chimodzimodzi, manja pamiyendo, duku lonse likunyezimira, mwala uli pampando wanga. Sanavulale paliponse. Anavula duku, analikutumula kunja, anayang'ana chibowo chimene chinali pamwamba pake.

"Mango a kwanu ndi otere?" anafunsa.

Sanandiseke kupitirira pamenepo, ndipo zimenezi zinandipweteka koposa. Anang'amba kansalu kakatali pampendero wa chitenje chake, anakwera pampando, anayeza chibowocho m'litali ndi m'lifupi, akumanga mfundo poonetsa malire. "Gwirani. Mupite nako kwa odula magalasi. Kapena kumenekonso mukangowayang'ana?"

M'mawa mwake ndinali kwa kalipentala wina ku Muloza amene ankaika magalasi m'mazenera. Anadula galasi molingana ndi mfundo zija, n'kulimata ndi phala la magalasi. Vuto linali lakuti denga la galimoto ndi lopindika pang'ono, pamene galasi la pazenera ndi lathyathyathya ngati thabwa. Ine ndinaona kuti m'makona mwatsala mipata. Ndinaonadi, koma sindinanene. Pa dzenje loyamba la mumsewu wa ku Milonde ndinamva kuti the! Pa lachiwiri, galasi linagawika pakati n'kulowa m'galimoto mwaulemu, theka pampando uwu, theka pampando uwo.

Anganga anabwera ndi nzeru yawo. Tinayala thumba la feteleza pachibowo, pamwamba pake tinavundikira lichero, n'kumanga ndi malegeni. "Zatheka," anatero akupukuta manja. "Ikuoneka ngati yavala chipewa cha kudimba." Masana mvula inagwa, ija ya kwathu yosachenjeza. Madzi anadutsa m'lichero n'kudikha m'thumba, thumba linafufuma ngati mimba ya mbuzi. Ndinkaliyang'ana likukula pamwamba pa mutu wanga. Nditaponda mabuleki kutsogolo kwa golosale imene Esinati ankasokera pakhonde pake, dziwe lonselo linanditsikira m'khosi.

Ndinalowa m'golosale kukabisala mvula, ndikudontha. Munali anthu ambiri obisala ngati ine. Ndipo poti sindiyankhula, ndinachita zimene ndimachita nthawi zonse: ndinayang'ana kumwamba.

Achinyamata a lero mwina sadziwa. Masiku amenewo sitolo iliyonse inkayenera kupachika chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, pamwamba penipeni, popanda china chochiposa. Sichinali chinthu cholozaloza. Cha m'golosale muja chinali m'felemu yakuda, kutsogolo kwake kuli galasi lochindikala, loyera bwino. Ndinaliyang'ana m'litali. Ndinaliyang'ana m'lifupi. Mvula inkalira pamalata, m'mutu mwanga munali zii, ndipo ndinaona mitambo ikudutsa pagalasi limenelo.

Ndikulumbira kuti sindinkafuna kulitenga. Ndinkangofuna kudziwa ngati maso anga akunena zoona. Ndinatulutsa kansalu ka mfundo kaja m'thumba, ndinakwera pa kreti ya mabotolo, n'kukatambasula pachithunzipo kuchokera kumutu mpaka pachifuwa. Mfundo inagwera pangodya penipeni. Ndinamwetulira.

Ndipamene ndinazindikira kuti m'sitolo monse mwati zii. Ngakhale makina a Esinati pakhonde anali atasiya kulira.

Kwathu munthu sayezedwa ndi chingwe ali moyo. Amene amayezedwa choncho ndi amene akukamukhomera bokosi. Ndinakumbukira zimenezi ndili pakreti, manja ali m'mwamba, ndikuyang'anizana ndi anyamata awiri a malaya ofiira, a chipani, amene nawonso anali atabisala mvula pafupi ndi matumba a shuga.

"Tsika," anatero wamtaliyo. Ndinatsika. "Khadi." Ndinamupatsa khadi langa la chipani, lonyowa ngati tsamba. Analitembenuza. "Tsopano utiuze bwinobwino. Ukuyeza chiyani? Wakutuma ndani?"

Ndinatsegula pakamwa. Inu mukudziwa kale zimene zinalimo. Mwini golosale anayamba kupukuta sikelo imene inali yoyera kale. Mayi wina anabereka mwana wake n'kutuluka pamvula. Anthu ankatengedwa pa zinthu zochepa kuposa zimenezi, ndipo ndinaganiza za anganga, kuti adzawasenzera ndani mphika wa kalongonda.

"Pepani achimwene, ndamutuma ndine."

Anali Esinati, ataima pakhomo, tepi ili m'khosi, akuchotsa mapini pakamwa mmodzimmodzi.

"Iweyo? Ameneyu ndi ndani wako?"

"Ndi bwenzi langa. Tikumanga ukwati tikakolola." Ananena ngati akutchula mtengo wa ulusi. "Ndamuuza kuti ine sindilowa m'nyumba yopanda chithunzi. Ndipo sindikufuna kakang'ono ngati ka anthu ena. Ndikufuna chachikulu ngati ichi. Ndiye ndati ayeze, tikaone ngati chikwane pakhoma. Kodi talakwa kukonda?"

Wamtaliyo anayang'ana mnzake. Mnzakeyo anakanda m'mutu. "Nanga iyeyu bwanji osanena yekha?"

"Ameneyu? Mukadikira kuti ayankhule, mvula ikata, ibweranso ina."

Wina kumbuyo anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. Wamtali uja anandibwezera khadi. "Ndi zoona zimenezi, akulu? Mukukwatira?"

Ndinayang'ana Esinati. Iye ankayang'ana mapini ake.

"Eya," ndinatero. Ndipo linatuluka lamphamvu mpaka ndinadzidzimuka ndekha.

"Chabwino. Tidzabwera kudzachiona chili pakhoma."

Dzuwa lisanalowe, msika wonse unali utamva. Amalume a kalaliki uja sanafike n'komwe pa Milonde. Anganga anandilandira ndi nthungululu, kenako n'kundimenya ndi chipande paphewa chifukwa choti anamva kwa anthu a pamsika.

Koma ndisanapite kunyumba tsiku lija, mvula itakata, ndinaima pakhonde pafupi ndi makina aja, ndikufuna kufunsa ngati ananena zija pongofuna kundipulumutsa. Sanadikire.

"Musandiyang'ane choncho. Mukuganiza kuti ine sindiona? Batani lothothoka lokha limasiya ulusi wonyenyeka. Anu onse anali odula ndi lezala."

A Likaka atabwerako kumaliro anaizungulira galimoto. Anachotsa lichero, analowa m'kati, anatulutsa mutu pachibowo n'kundiyang'ana kuchokera pamwamba ngati fulu. Anandikalipira m'zinenero zonse za kumigodi. Atatopa anafunsa kuti zinayamba bwanji, ndipo anganga anawafotokozera, akuwonjezera zina. Pamapeto pake a Likaka anangofunsa chimodzi: "Nanga bangolo munadya?" Sanandichotse ntchito. Anati munthu amene akukwatira safunika chilango china.

Anatumiza uthenga kwa mnzawo ku Joni. Podikira, mmisiri wokhoma zidebe anatseka chibowocho ndi lata ndi phula. Mvula ikagwa, galimoto inkalira ngati ng'oma, ndipo ndikagoneka mpando ndinkangoona dzimbiri. Galasi lenileni linafika titakolola, litakulungidwa m'bulangeti, munthu wina wobwerera kumudzi atalifungatira pamiyendo ulendo wonse ngati khanda. Tinaliika ine ndi makaniko wa kuesiteti. Tinapaka sopo pa labala wa m'mphepete, tinalowetsa chingwe mumpata wake, iye akukanikiza galasi pamwamba, ine ndikukoka chingwe m'kati pang'onopang'ono, mpaka labala analuma galasi kuzungulira konse. Litakhazikika, ndinalipukuta ndi malaya anga. Mtambo woyamba unalowa, n'kudutsa.

Tsiku la ukwati tinakhala kumbuyo, a Likaka akuyendetsa okha ndi maso awo ofooka, anthu akuthawira m'tchire. Ine ndinkayang'ana kumwamba, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalakalaka kuti amene ali kumeneko ayang'aneko pansi. Anyamata a malaya ofiira anabweradi. Anachipeza chithunzi chili pakhoma, chachikulu moti chitseko sichinkatseguka bwino, ndipo anadya nkhuku kuposa ankhoswe.

Tsopano tili ndi zidzukulu, koma Esinati amauzabe aliyense kuti iye sanafunsiridwepo. "Ndikudikirabe," amatero. Chaka chilichonse mango akapsa timakhala pansi pa mtengo wa pakhomo pathu, ine n'kukonza mawu onse bwinobwino, n'kutsokomola, n'kutsegula pakamwa. Iye amandiyang'ana kanthawi, kenako amakweza maso n'kunena kuti, "Bango ilo lapsa bwino."

Ndipo ine, mutu wonse imvi, ndimayamba kufunafuna mwala, zidzukulu zikuthamanga kukatseka mazenera.