Mbewu ya Apongozi Ndinaitsitsa ku Utsi

Apongozi anga akandiona ndikulowera kukhitchini amatsokomola. Ali ndi chifukwa.

Zipani zitangochuluka, kampani imene ndinkagwirako ukalaliki ku Limbe inalengeza kuti ikuchita risitirakicha. Bwana anatimasulira kuti ndi kusanja zinthu mwatsopano kuti ziyende bwino. Atatha kusanjako, ine ndinapezeka panja, ulendo wa ku Nkhulambe kwawo kwa akazi anga. Mawuwo ndinkadana nawo, koma anandilowa m'magazi.

Ndinayamba ndi kusanja mipando. Kenako mbale. Tsiku lina akazi angawo, mayi a Esinati, atapita kumaliro ku Michesi, ndinalowa m'khitchini n'kuona chimanga cha mbewu chikulendewera kutsindwi ndi makoko ake, chakuda bii ndi mwaye. Mtima unandipsa (sumachedwa). Ndinachitsitsa, kuchisenda, kuchitonola, n'kuchithira m'thumba loyera. Ndinasoka, ndinalembapo MBEWU ndi zilembo zazikulu, n'kukaika kuchipinda.

Atabwera, anayang'ana kutsindwi nthawi yaitali.

“Bambo a Esinati, utsi uja ndiwo mankhwala ake.”

“Uve umenewo? Mayi, ine ndinafika Fomu 4.”

“Basi ndithiremo phulusa.”

“Thumba limenelo wina asaligwire.”

Anangoti “chabwino” uja wa akazi akakusiya kuti ukagwe wekha.

Mvula yoyamba itagwa ndinatumbula thumba pamaso pa onse, monyadira. Munali ufa wokhawokha, anankafumbwe akuyendamo ngati pamsika. Pamenepo m'pamene ndinamva kuti mbewuyo agogo awo a mayi a Esinati anabwera nayo pamutu kuchokera ku Mozambiki, ndipo sinadukepo chaka n'chimodzi chomwe. Apongozi anatapako pang'ono m'manja, kununkhiza, n'kulankhula mwakachetechete m'Chilomwe. Sindinapemphe wondimasulira.

Anzathu akubzala, ine ndinali panjinga khomo ndi khomo, kufunsa amene anagawiridwako mbewuyo. Ndinakaipeza kwa alamu anga kutsidya kwa dambo. Anandipatsa kambale kamodzi.

“Alamu, kodi ku Limbe utsi kulibe?”

Ndinalandira kambaleko ndi manja awiri. (Ndikanayankha, kambaleko kakanabwerera m'nyumba.)

Tinabzala mochedwa, mizere isanu ndi umodzi, ndipo inamera. Chimene chimandiluma n'chakuti bwana uja naye sanandifunse kuti pa desiki paja ndinkagwirizira chiyani, ndipo ndinamutukwana chaka chathunthu. Masiku ano ndisanasunthe chinthu ndimafunsa kaye ntchito yake. Ndimafunsa mokalipa, koma ndimafunsa.