Chipwitikizi Changa ndi Amalume a Esnati

Mpaka lero ndikafika kuchikazi, ana amathamangira kuseri kwa nyumba kukaseka. Zinayambira pa foni.

Ndimagwira ntchito ya pa sikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Nditafunsira Esnati, mtsikana wa ku Khonjeni, anandiuza kuti mwini mbumba, amalume ake, amakhala ku Mozambique ndipo abwera kudzandiona. Iwo akakana, ukwati palibe. Ndinaganiza zowagometsa ndi Chipwitikizi.

Ndinalowa gulu lina la pa intaneti la ophunzira chinenerocho, mphunzitsi wake mayi wina wa ku Brazil. Netiweki inkagwira bwino pachulu china pakati pa munda wa tiyi, ndiye nthawi yopuma ndinkakwera pamenepo n'kumabwereza mawu mokweza. (Amayi othyola tiyi anakauza akapitawo kuti ndayamba kupemphera m'malilime.) Anzanga onse m'gulumo ankakonzekera maulendo okaona malo, choncho tinkangophunzira za kuhotela ndi kumsika. Ine sindinaonepo vuto.

Tsiku linafika. Amalume anakhala pampando, Esnati ndi amayi ake pamkeka. Ndinagwada n'kupereka moni wa Chipwitikizi, ndipo anayankha. Mtima unakhala pansi. Kenako anawonjezera mawu ambirimbiri mothamanga, akuloza Esnati. Sindinatolepo kanthu. M'mutu munatsala chiganizo chimodzi chokha chomwe ndinkachidziwa bwino, ndiye nanenso ndinaloza Esnati n'kuchinena mwaulemu wonse: "Quanto custa?"

Tanthauzo lake ndi lakuti, "Mukugulitsa bwanji?"

Amalume anavula chipewa, anayang'ana mkati mwake, n'kuchivalanso. Atatero anatembenukira kwa amayi a Esnati n'kufunsa m'Chichewa chomveka kuposa changa: "Achemwali, mkamwiniyu mwamutola kuti?"

"Ndi wa pa sikelo," anayankha mayiwo. "Mwina anazolowera."

"Bambo," amalume anandiyang'ana, "ife Alhomwe mwana sitigulitsa. Ndimafunsa ngati mudzamusamale."

"Ndidzamusamala," ndinatero, m'Chichewa, maso ali pansi.

Ukwati anavomera, ngakhale Esnati anatha sabata osandiyankhula. Nkhani yonse ndinakaifotokoza m'gulu muja kuti ena achenjere. Mphunzitsi anayankha kuti ndine woyamba kugwiritsa ntchito phunziro la kumsika pamaso pa munthu weniweni, ndipo anandikweza kalasi. Sindinakane.