Aphunzitsi Akulemba

Lolemba

Zoyenera kukonza ndisanalembe liwu ngakhale limodzi:

1. Tebulo. Mwendo umodzi ndi waufupi. Ndaikapo chibanthu cha njerwa.
2. Malo. M'nyumba malata akuwotcha. Pansi pa mtengo wa mango, kuyang'ana kumsewu wa ku Mbulumbuzi.
3. Kope latsopano lachikuto cholimba. Mizere ya m'mbali ndajambula kale ndi rula.
4. Mabolopeni awiri, wabuluu wolembera, wofiira wodzidzudzulira.
5. Nkhani yake. Iyi ndiiona mawa.

A Chimenya, mnzanga wa kukoleji, akusonkhanitsa nkhani zazifupi ku Blantyre kuti atulutse buku. Akufuna yanga sabata yamawa. M'kalata mwawo akuti, "Kukoleji unkatiposa tonse." Unkatiposa! Mawu a pamaliro amenewo. Chiyambire sukulu yaulere, zimene ndalemba ine ndi "Konzanso" ndi "Udzandione" m'makope a ana a Sitandade 5. Ndikalephera tchuthi chino, ndisiye kudzinamiza.

Lachiwiri

Seveni koloko ndili pampando. Mutu wa nkhani ndalemba, ndafufuta, ndalembanso womwewo.

Mayi Namakhwa akudutsa ndi khasu, akufunsa chimene ndikuchita. Ndikuti ndikulemba. Akutula khasu pansi. "Mwayamba liti, aphunzitsi, ife osatiuza? Nanenso mundilembe."

Mtima wanga myaa. Munthu wofuna kulowa m'nkhani yanga! Ndikulemba dzina lawo. Akuwonjeza okha kuti ndi amasiye, ana asanu, munda wa pamtsetse. Akuonetsetsa kuti zonse zalowa m'kope, akupita akuthokoza kwambiri. Ndani ankati anthu kuno sakonda mabuku?

Lachitatu

Anthu khumi ndi mmodzi pamzere, dzuwa lisanakwere. Mbiri yamveka kuti aphunzitsi akulemba mayina a olandira feteleza ndi mbewu zaulere.

Ndikuimirira, ndikufotokoza bwinobwino ngati m'kalasi kuti iyi ndi nkhani yopeka. A Muhiwa, mkulu wa kuseri kwa tchalitchi, akugwedeza mutu. "Chaka chathanso ankati ndi zopeka, koma a ku Njuli analandira."

Mayi akunyumba akuti vuto ndi rula. Akuti munthu wokhala pansi pa mtengo ndi tebulo, kope lolimba ndi bolopeni wofiira, ndi boma basi.

Mawu olembedwa lero: palibe.

Lachinayi

Ndalowetsa tebulo m'nyumba, ndatseka chitseko. Thukuta likudonthera pakope. Zafika poipa: tsopano akuti ndikulemba mobisa, achibale okhaokha. Achibale ake ati? Ine kwathu ndi kutali, kuno ndinabwera ndi ntchito.

Kumjigo palibe amene wawasenzetsa ndowa mayi akunyumba. Abwera madzi atatayikira m'chitenje chonse. "Alembeni anthuwa, bambo, ine nditunge madzi mwamtendere."

Ndawauza kuti kutero ndi kunamiza anthu. Akuti nanga nkhani yopekayo ndi chiyani.

Lachisanu

Ndikulemba. Tebulo labwerera pamango. Aliyense ndikumuuza kawiri kuti ine feteleza ndilibe, aliyense akuti, "Tamva, aphunzitsi, ingolembani."

Poti chinthu chosalongosoka chimandidwalitsa, ndajambula mizere: dzina, mudzi, zina. Malo a "zina" sakukwana. Wina nandolo wake anathera mbozi. Wina mwamuna wake anapita ku Limbe kukagula unyolo wa njinga, chaka chachitatu chino. Wina akufuna ndilembenso malemu amayi ake, akuti m'kaundula wa chaka chatha anawadumpha akali moyo, ndiye chilungamo chichitike.

Masamba odzaza: khumi ndi anayi. Nkhani ya a Chimenya: mutu wokha, nawonso sukundisangalatsa.

Loweruka

Afika ena pakabaza kuchokera ku Mbombwe. Mbombwe! Mayi wina wasiya tambala pakhonde kuti dzina lake likhale pamwamba. Ndakana, ndamuthamangira mpaka kumsewu, osamupeza. Pobwerera ndapeza mayi akunyumba atasosola kale tambalayo. Zaka zonsezi osatenga ngakhale choko cha sukulu, lero ndadya chiphuphu ndi tomato.

Masana ndikuwerenga kope, wofiira ali m'manja. Pa dzina la a Muhiwa ndinalemba monga ananenera: "Mbewu yobzala tinakazinga mu Febuluwale. Ana anadya munda wa chaka chino."

Ndafuna pokonza, palibe. Ine ndinaphunzira kalembedwe zaka ziwiri, ndili ndi satifiketi m'sutikesi, chiganizo chotere sindinachipezepo. Wachipeza munthu wosaina ndi chala. Chakudya chamadzulo ndakana, koma msuzi wa tambala ndamwa.

Lamulungu

Pa zolengeza, mkulu wa mpingo wandithokoza chifukwa cha ntchito yotamandika, nati otsalira abwere mawa m'mawa. Anthu aomba m'manja. Mayi Namakhwa alulutira.

Kumwamba mitambo yayamba kusonkhana. Ikangogwa mvula, anthu onsewa adzafuna zawo, ndipo nyumba yanga akuidziwa.

Kalata ndalemba, ipita mawa:

"Achimwene a Chimenya, nkhani ija palibe. Chimene ndili nacho ndi masamba makumi awiri a mayina a anthu ndi zimene anandiuza. Mawu anga mulibemo, mwina n'chifukwa chake akuwerengeka. Ngati imeneyi ingatchedwe nkhani, itengeni. Ngati ayi, mundifunsireko kumeneko ngati alipo amene ali ndi feteleza koma akusowa mayina. Chonde yankhani msanga, mvula isanagwe."