Njinga Yamoto Imene a Killion Ankakankha

Mukafika pa Kande n'kutchula dzina la malemu a Killion Longwe, anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kukumbuka kunena kuti mzimu wawo uwuse mumtendere. Iwowa ndi munthu yekhayo kunyanja kuno, kuyambira ku Usisya mpaka kumene chinangwa chimathera, amene anagula njinga yamoto kuti aziikankha. Osati yakufa ayi. Injini yake ikalira pa Kande, agalu a ku Mpamba ankalowa m'nyumba. Petulo ankakhala wodzaza thanki. Koma pamsewu wa tala, a Killion, ali mu suti, tayi ndi helimeti, ankaikankha ngati wilibala, zaka naini zathunthu.

Vuto linali lamulo. A Killion anali mkulu wa mpingo, ndipo chuma chawo chachikulu chinali chimodzi: chibadwire sanaphwanyepo lamulo, la Mose kapena la boma. Ankakuuzani zimenezi musanawapatse n'komwe moni. Akaona chikwangwani choti osakodza pano, tsiku limenelo sankakodza m'mudzi monse.

Ntchito yawo inali yolemba mayina pamaboti. Tsono kuno tili ndi kachitidwe kathu: ukagula boti kwa mnzako, usanaliponye m'madzi umapala dzina lakale lonse mpaka thabwa lioneke, apo ayi tsoka la mwini wakale limakwera nawe. A Killion anapala maboti ambiri kuposa amene alipo lero. Wina akawafunsa ngati mkulu wa mpingo amayenera kuopa matsoka, ankayankha kuti, "Si zamatsenga zimenezi. Ndi ukhondo."

Njingayo inali ya mzungu wina wa loji, amene ankathamanga nayo m'mapiri ndi m'minda ya eni. Inali yam'tchire: yaitali ngati ng'ombe itaima pachulu, matayala a mano, yopanda nyali, yopanda galasi, yopanda nambala kumbuyo. Mzunguyo inamugwetsa katatu, loji inagwa, mkazi anathawa ndi wophika. Pobwerera kwawo anaigulitsa kwa a Killion pamodzi ndi mapepala ake olowera m'dziko muno.

"Bambo, iyi tchire basi, msewu ayi," anatero mzunguyo m'Chichewa chake chothyoka miyendo. "Ika nyali, galasi, hutala. Kenako Mzuzu, nambala. Kenako msewu."

A Killion anagwedeza mutu ngati akulandira magome a Mose. Poti anali afupi, kuti akwere pafunika poponda, ndiye mtondo wa akazi awo, a Belita, unapeza ntchito yachiwiri tsiku lomwelo.

M'mawa mwake anapita kwa Amosi wowotcherera zitsulo.

"Amosi, ndibwereke tupa."

"Mupale chiyani, Ada?"

A Killion analoza pakhosi pa njinga, pansi pa zigwiriro, pamene panali zilembo ndi manambala okhomedwa m'chitsulo. Ena anali pa injini.

"Ada, izo musakhudze. Ndi zakufakitale."

"Fakitale yanji? Munthu wagwa katatu, loji yagwa, mkazi wathawa ndi wophika. Zonsezo zili m'timanambalati. Ukufuna Belita athawe ndi ndani?"

"Anganditenge ndani ndi mawondo awawa?" anatero a Belita, mtondo uli pamutu.

Anapala masiku atatu. Anapala ndi luso la zaka makumi atatu, mpaka chitsulo chinasalala ngati tsaya la khanda. Kenako anatenga msomali ndi hamala n'kukhomapo bwinobwino: K. LONGWE.

Zotsalazo anagwira ndi Amosi. Nyali anaika ija ya asodzi yokopera usipa, yowala moti ngumbi zinkatuluka mu Julaye. Magalasi anachotsa paminibasi ina imene inapuma pantchito mumtsinje. Hutala inali ya lole. Maindiketa ndi amene anagula atsopano ku Chintheche, ndipo a Killion anawayesa tsiku lonse njinga ili pakhonde, akukhotera kumanja ndi kumanzere osapita kulikonse.

Ku Mzuzu inapita itagona palole ya nthochi, poti kuikwera kukanakhala kuphwanya lamulo. Ku ofesi yolembetsa galimoto anapeza bwana wina wa kumwera, waulemu wake, amene anaizungulira ndi pepala m'manja.

"Buleki? Zili bwino. Nyali? Aa, zimitsani, zimitsani, achikulire! Hutala?"

A Killion anadina. Nkhunda za mu Mzuzu zinasamukira ku Ekwendeni.

"Zonse zili m'malo. Tingoona nambala ya chesisi, mukajambulitse, muzipita."

Bwanayo anagwada. Anapukuta ndi chala. Anavula magalasi, anavalanso.

"K. Longwe ndi ndani?"

"Ndine, bwana."

"Nanga nambala ili kuti?"

"Ndinapala."

"Munatani?"

"Ndinapala bwinobwino. Masiku atatu. Tagwirani mumve kusalala."

Bwanayo anaitana anzake, osati kuti adzathandize, koma kuti nawonso adzaone. Anabwera ndi wosesa yemwe.

"Achikulire, pepala ili likunena za njinga yokhala ndi nambala. Njinga iyi ilibe nambala. Ndiye pepala ili si la njinga iyi, ndipo njinga iyi si ya pepala ili. Pamaso pa boma inu mwabwera ndi mulu wa zitsulo wolira hutala. Nyamulani muzipita ndisanakumbuke kuti anthu opala manambala amakhala akuba."

Kuyambira pamenepo, Kande inapeza kanema waulere. Kumchenga ndi m'tinjira ta m'minda, kumene lamulo la pamsewu silifika, a Killion ankaponda pamtondo, kukwera, n'kuuluka ngati chiwanda, jekete likukupiza, nkhuku zikulapa machimo. Akangofika pa tala, injini zii! Kutsika. Kukankha. A Belita pambuyo ndi mtondo. Ndipo pokankhapo ankayatsa indiketa asanakhote, n'kuliza hutala akamadutsa nkhalamba yoyenda ndi ndodo, ngati aidutsa n'komwe.

Pasiteji ya akabaza ndiye panali pa Gologota pawo. Mkulu wa akabazawo anali Zakeyu, bambo wa ana asanu, amene kale a Killion anamuphunzitsa kugwira bulashi yolembera, Zakeyuyo asanaone kuti maboti salemeretsa. Njinga za akabaza zinalibe pepala ngakhale lokulungira mandazi, koma zinkanyamula anthu anayi ndi mbuzi n'kudutsa paliponse.

"Ada Longwe, chepetsani liwiro, mupha anthu!"

"Ikani giya yachiwiri, Ada, miyendo yonse iwiri!"

"Ama, bwanji osangokwera mtondowo? Mufika msanga!"

A Killion ankangokweza dzanja n'kupereka moni wa kuno, "Yewu, yewu," thukuta likutsika mu helimeti ngati denga lodontha. Mumtima ankati asekeni, tsiku likubwera. Tsiku limene adzadutse pasiteji pomwepa atakwera, nambala ya boma ikunyezimira kumbuyo, dzina lawo lili loyera ngati kolala ya m'busa.

Chaka chilichonse ankapita ku Mzuzu ndi umboni watsopano. Kalata ya kumpingo. Kalata ya Amosi yodinda chala chamafuta. Chithunzi chawo ali ndi mzungu uja, mzunguyo dzanja lili mu pulasitala. Ulendo wina anatenga kachitini ka fumbi lachitsulo limene a Belita anasesa tsiku lopala lija, n'kukaika patebulo pa bwana.

"Nambala ili m'menemu. Palibe chimene chinatayika."

Akuti bwanayo anapempha kusamutsidwa.

Chaka chachinaini maso a Killion anayamba kuchita nkhungu, ndipo Satana, amene kuno amayendanso pa kabaza, analowa mwa Zakeyu. Anadula chivundikiro cha chidebe cha penti, kuchiwongola, kuchipaka penti ya boti, n'kulembapo nambala. Anachikulunga mu envulopu yakhaki n'kupita kwa a Killion nkhope ili ngati ya pamaliro.

"Timuoneni, Ada. Kondakitala wa basi ya ku Mzuzu wasiya ichi pasiteji. Akuti boma laganiza bwino."

A Killion anatsegula n'kutulutsa chitsulocho. Anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa. Zimene anaona ndi manambala akuda pachitsulo chowala.

"Nanga buku lake?"

"Likubwera pambuyo, Ada. Masiku ano nambala ndi imene imatsogola."

Nkhalambayo inamugwira Zakeyu manja onse awiri n'kupemphera. Inapempherera boma, inapempherera bwana uja wosamutsidwa, inapempherera kondakitala. Zakeyu anatsinzina, mapewa akugwedezeka, ndipo a Killion anayesa akulira.

Loweruka m'mawa Kande yonse inali m'mphepete mwa msewu, poti nkhani inali itazungulira kale kwa aliyense kupatula anthu awiri. A Killion anaponda pamtondo womwe unaikidwa pa tala penipeni. A Belita anakhala kumbuyo chammbali, atavala chitenje chatsopano. Injini inalira. Anadutsa pasiteji mutu uli m'mwamba, osayang'ana kumbali, ndipo akabaza onse anawatsatira pamzere, akuliza mahutala, ena akugwa ndi phwete.

"Belita!" anakuwa a Killion mphepo ikuwamenya. "Tala ndi wofewa!"

"Yang'anani kutsogolo, inu!"

"Ndi wofewa, Belita! Ngati nyanja m'mawa!"

Tinene zoona, chipongwe chija chikanathera pomwepo, chikanangokhala nthabwala. Koma chakufupi ndi Chintheche panali rodibuloko. Wapolisi, dzuwa litamukwana, anangokweza dzanja.

"Pitani, madala."

A Killion anaima. A Belita anadumpha n'kugwira njinga kuti isagwe.

"Bwana, gwirani ntchito yanu. Onani kumbuyo."

"Madala, ndati pitani."

"Zaka naini ndakhala ndikudikira kuti munthu wa yunifolomu aone kumbuyoku. Simundimana."

Wapolisi anapuma mozama n'kupita kumbuyo. Nthawi yomweyo panaima minibasi yodzaza anthu. Wapolisi anayang'ana nambala ya njinga. Anayang'ana ya minibasi. Anayang'ananso ya njinga. Zinali mapasa. Zakeyu, mwa ulesi wake, anangokopera ya minibasi imene imadutsa pasiteji tsiku lililonse.

Anakanda ndi chikhadabo, penti inamatuka. Anthu a m'minibasi anayamba kutulutsa mitu m'mawindo. Kondakitala anafunsa ngati njingayo ili mwana wa galimoto yake, kuti akaisamalire. Mayi wina anaseka mpaka dengu la usipa linatayika.

"Madala, nambala yabodza ndi mlandu waukulu. Njinga yopala chesisi ndi mlandu wina. Wakupatsani ichi ndani?"

A Killion anavula helimeti. Anagwada mu suti yawo pa tala wotentha n'kuika mphuno pachitsulo chija. Pafupi chotero maso awo anaona. Anaona seveni wopindika msana wa Zakeyu, amene iwo analimbana naye miyezi itatu pomuphunzitsa kulemba, osatheka kumuwongola. Anadzuka n'kutembenukira kwa akabaza amene anaima patali pansi pa mtengo. Phwete linali litazima. Zakeyu anali atawerama, akufufuza chinthu chofunika kwambiri m'tayala lake.

"Ndalemba ndekha," anatero a Killion. "Ndine wolemba."

Tsiku limodzi, malamulo awiri, la boma ndi la Mose. Ena amati anamvera chisoni ana asanu aja. Ife owadziwa timati anaona kuti kutchedwa wachinyengo kuli bwino kusiyana ndi kutchedwa chitsiru. Mwina zonse.

Njinga inatsala kupolisi, ndipo ikadali komweko pansi pa mtengo wa mango, mavu atamanga mu hutala. Khoti linawachenjeza n'kuwamasula poona imvi. Koma sesheni ya mpingo inalibe imvi zoti ione. Inawaimitsa pa ukulu, ndipo munthu amene zaka makumi awiri ankakhala kutsogolo moyang'ana anthu anayamba kukhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi ochedwa ndi oyamwitsa. Sanadandaule. Anangoyamba kuchepa mu suti muja. Mvula yoyamba itagwa, anagona masiku anayi n'kupita. Kuchipatala anati ndi mtima. Pamaliro, wowerenga mbiri anatchula chaka chobadwa, maboti, ana ndi zidzukulu. Mawu oti mkulu wa mpingo anawalumpha, ndipo aliyense anamva pamene anawalumphira.

Pa Kande pano pakuzizira masiku ano. Akabaza amakhala pa njinga zawo akukanda mafoni. Akayesa kusekana okhaokha zimathera ndewu, chifukwa palibe mwa iwo amene amadziwa kukweza dzanja n'kunena yewu. Msewu ulipo, magalimoto akudutsa, koma palibe choti munthu atulukire m'golosale kudzaonera.

Patatha mwezi, Zakeyu anapita kwa a Belita. Anawapeza akuyanika chinangwa pathandala. Anakhala pansi, chipewa m'manja.

"Ama, nambala ija ndinalemba ndine."

A Belita sanatembenuke.

"Ukuuza ine? Ine ndinadziwa tisanafike n'kunyumba komwe. Tinayenda wapansi kuchokera ku Chintheche, nthawi yolankhula inalipo yambiri."

"Ndikhululukireni, Ama."

"Ine sindinaimitse munthu pa ukulu. Dzina lawo lili m'buku la sesheni, analidula ndi cholembera chofiira. Sesheni imakumana Lachitatu lililonse, thu koloko. Ukanene kumeneko zimene wanena pano, alilembenso. Njinga uli nayo, ndi pafupi."

Zakeyu anati apita Lachitatu likubwerali. Papita chaka ndi miyezi iwiri. Lachitatu lililonse, thu koloko ikamakwana, amamuona akubwera ndi msewu wa kutchalitchi, atavala malaya oyera, wopanda pasenjala. Akafika pageti amachepetsa liwiro, phazi limatsika mpaka kukhudza pansi. Kenako amayang'ana kutsogolo n'kuponda giya.