Tsiku limene ndinabereka galu m'dengu la tiyi

Mpaka lero ku Nchilamwela kuli anthu amene amanditchula "amake Ledi", pamene ine mwana wa dzina limenelo ndilibe. Ledi anali galu. (Sekani, ndinazolowera.)

Nthawi imeneyo tinkakhala pa esiteti, amuna anga, abambo a Yosefe, ali khuki kunyumba kwa bwana. Bwanayo atamwalira, dona anamanga katundu kuti azibwerera kwawo, koma panatsala agalu awiri okalamba. Wamphongo, Majo, maso anali atachita ng'ala. Wamkazi, Ledi, miyendo yakumbuyo inali itafooka, poyenda ankachita kuikoka. Ledi ankatsogola, Majo pambuyo, mphuno ili pamchira wa mnzake. Azungu onse anawakana, wina mpaka ananena zongowaombera mfuti. Pamenepo amuna anga, munthu amene sanalire pamaliro a amalume awo, anagwetsa misozi m'khitchini. Dona anawapatsa agaluwo pamodzi ndi bulangete, n'kuwapempha chinthu chimodzi: asadzawalekanitse.

Bulangete limenelo! Ine chikwatiwire ndinkafunda chiguduli, lero galu akugonera bulangete lofiira laubweya. Majo ndinalibe naye mlandu, ankangodzigonera. Koma Ledi! Mano analibe, ndiye amuna anga ankamuphikira phala, n'kumaliuzira kuti lisamutenthe. Akaweruka, pakhomo pomwe: "Mwaswera bwanji, mayi?" Ine n'kuyankha kuti ndaswera, potembenuka n'kupeza munthu wagwada, akulankhula ndi galu.

"Abambo a Yosefe, kodi mwakwatira wachiwiri osandiuza?"

"Amake Yosefe, musamalimbane ndi wodwala. Inu miyendo muli nayo."

Mawu amenewo ndiwo anandimaliza. Ndinati Majo atsale, koma mkazi mnzangayu apite kwa achemwali anga ku Chimaliro. Amuna anga akafunsa, ndinena kuti wagwidwa ndi fisi. (Fisi wamasana. Nzeru zanga zinathera pomwepo.)

M'mawa amuna anga atangochoka, ndinatenga dengu langa lothyolera tiyi, n'kumuika Ledi m'menemo, pamwamba masamba a nthochi, n'kubereka. Kagalu kouma chonchija, koma kulemera kwake ngati mtondo. Njira yachidule inkadutsa pakati pa munda wa tiyi. Ndisanafike patali ndinamva kulira kumbuyo. Ndi Majo uyo, akugunda chitsamba ichi, kugunda icho, mphuno m'mwamba, akulira ngati pagwa maliro.

Azimayi othyola tiyi anaweramuka onse. A kapitawo, a Namakhwa, anandiimirira panjira.

"Mayi, dengu ladzaza kale dzuwa lisanakwere? Nanga sikelo ili uko, inu mukulowera kuti?"

"Si tiyi, a kapitawo. Ndi chinangwa."

Majo analiranso. Chinangwa chija chinayankha.

Kenako ndinamva kutentha kukutsika ndi msana. Poyamba ndinkayesa thukuta, koma thukuta silinunkha choncho, ndipo silifika m'zidendene. Ledi anasuzumira m'masamba aja, n'kutsamiritsa chibwano paphewa panga ngati khanda.

"Mwana wakodza! Mtsitseni ayamwe!" anakuwa mayi wina.

"Koma nkhope ndi ya bambo ake!" anatero mnzake.

Ndinati ndithawe. Majo, amene anali atapeza fungo la mnzake, anandilowa m'miyendo, ine khuu m'ngalande, phazi n'kubinya. Ledi anagubuduka bwinobwino, osavulala pena paliponse, awiriwo n'kuyamba kunyambitana pamaso pa esiteti yonse.

Nkhani inandipitirira kukafika kukhitchini. Ndinaona amuna anga akuthamanga, apuloni ili m'chiuno, ndipo mtima unakhala pansi. Ndinatambasula dzanja kuti andidzutse. Anandilumpha, anthu inu, ngati chipika.

"Mayi, mwavulala pati?"

Anamunyamula Ledi pachifuwa n'kutsogola. Ine pambuyo ndikutsimphina. Pambuyo panga Majo, mphuno yakakamira pansalu yanga yonyowa, akuyesa ndine mkazi wake. Tinadutsa choncho mzere wonse, azimayi akuimba nthungululu.

Kunyumba sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Madzulo anateleka madzi, n'kubwera nawo m'beseni pamodzi ndi kansanza. Ndinayala mwendo wanga wotupa uja, ndikudziuza kuti chikondi chabwerera. Anakhala pansi n'kuyamba kuthowa miyendo ya Ledi, umodziumodzi, akumupepesa. Atamaliza anakankhira beseni kwa ine osandiyang'ana.

"Akadali ofunda pang'ono."

Ndinafuna kuwataya madziwo, koma phazi linkawawa. Ndinaviika, ubweya ukuyandama.

Agalu aja anakhala nafe mpaka anafa, motsatizana, sabata imodzi. Ndinalira nawo pang'ono, osati kwambiri. Ena amandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Eya, ndinaphunzira. Mkazi mnzako ukafuna kumusamutsa, uziyamba wamutulutsa panja akataye madzi.